Goloboyi Wachitatu

"Ndiye ukungochoka basi? Masewero mawa, iwe ukulongedza lero?"

"Masewero anu," anatero Eino Lahti osadzutsa mutu. Anali atagwada m'chipinda chovalira, akukankhira zotchinga miyendo m'chikwama chake chachikulu chomwe zipi yake idafa kalekale.

"Athu, aise. Athu tonse. Dzina lako si ilo lili pakhomalo?"

"Lalembedwa pa tepi, Remy. Anzakowa mayina awo ndi achitsulo."

Remy Beaudoin anakweza maso. Zinali zoona. Pamwamba pa mpando wa wosewera aliyense panali kachitsulo konyezimira ka dzina lake, koma pampando wakumapeto, pafupi ndi khomo la kubafa, panali kachidutswa ka tepi yoyera yokulungira ndodo zosewerera, kolembedwa ndi cholembera chakuda.

"Aiwala chabe. Akonza."

"Asavutike."

Chaka chathachi timu ya hoke ya pa ayezi ya koleji ya Ketter Bay inali ya anyamata ongozikonda zosewerazo. Ankasewera m'chishedi chakale cha tauni, momwe munkazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kusanduka utsi, ndipo oonerera awo anali amayi awo ndi galu wa mlonda. Eino ankatchinga pagolo, Remy ankagoletsa. Akagonja ankakadya limodzi, akapambana chimodzimodzi. Kenaka akuluakulu a koleji anati yakwana nthawi yolowa mu ligi yaikulu. Anamanga bwalo latsopano la magetsi ngati masana, anabweretsa Kochi Stroud, ndipo Kochi Stroud anabweretsa anyamata ake ochokera ku Alberta ndi ku Sweden, ataliatali, odya mochita kuyeza. Mwa anyamata akale onse aja anatsala awiri: Remy chifukwa cha liwiro, ndi Eino, goloboyi wachitatu.

Goloboyi wachitatu savala jezi tsiku la masewero. Amavala suti ndi tayi, nkukakhala pamwamba penipeni pa mipando, pomwe phokoso limafika litatopa kale. Ntchito yake ndi ya m'kati mwa sabata: kuima pagolo la kutsidya anzake akamakonzekera. Nthawi zina kochi ankaitana timu yonse kumbali ina kukawajambulira njira pakabolodi, Eino nkutsala yekha ndi ukonde wake, theka lonse la ayezi lili mbee. Pamenepo ankamva kulira kwa makina oziziritsa ayezi pansi pa mapazi ake, nkumaganiza kuti mwina nyanja ikaundana mu Januwale nsomba zimamva chimodzimodzi.

Anyamata atsopanowo sankamupweteka mtima. Ankamutcha "Wachitatu" ndipo ankamumenyera kampira ka hoke, kakuda kaphwatalala, ngati akumenya khoma. Zimenezo nzabwino. Khoma nalo lili ndi ulemu wake.

Womupweteka anali Remy. Kale Remy akabwera ndi kampira, ankadziwa kuti Eino amachedwa kudzutsa dzanja lamanzere, ndipo ankaponya pomwepo, pamwamba pa phewa, ukonde nkuti phwa! Akatero ankazungulira golo akuseka. "Agogo, mwaiona imeneyo? Ndikakutengereni magalasi?" Eino ankamutukwana, nkumudikira ulendo wotsatira mano ali gwa. Koma chiyambire mwezi wa Seputembala, Remy akafika pamaso pa golo ankachepetsa liwiro pang'ono, pang'ono kwambiri moti wina sangaone, nkumenyera kampirako pakati penipeni pa chifuwa cha Eino. Kenaka ankamugogoda zotchinga miyendo ndi ndodo. "Wagwira bwino, aise." Mawu ake anali aja amayamikira nawo wodwala akamaliza phala.

Goloboyi sanamizidwa. Kampira kakamabwera kamanena zonse za wokamenyayo.

"Nkhani ndi ya mawa ija eti?" anatero Remy, atakhala pabenchi nsapato zotsetserekera zikadali kumapazi. "Zoti ukagwetse kampira kotsegulira masewero poimira timu yakale? Ndi ulemu umenewo. Anthu adzaza bwalo lonse, akuombera m'manja."

"Amaombera m'manja ndi pamaliro pomwe masiku ano."

"Iwe, usandiyankhule ngati ndine mtolankhani. Kapena ndi nsanje? Nena. Ine ndikusewera, iwe ayi. Nena ndimve."

Eino anamanga chikwamacho ndi chingwe cha nsapato, nkuchikoleka paphewa. Chigoba chake chakumaso anachinyamula m'manja. Chinali chakale, chopakidwa ndi mlongo wake mitengo ya paini ndi mwezi wopindika, penti itayamba kusupuka pachibwano. Anatuluka.

Njira yopita kunja imadutsa m'mbali mwa bwalo. Galimoto yosalaza ayezi inali itangomaliza kumene, ndipo pansi ponse pankanyezimira ngati palibe munthu adapondapo chilengedwere dziko. Mipando yobiriwira, mizeremizere mpaka kudenga, inali ikudikira anthu a mawa. Kudzera m'mawindo akumtunda munkaoneka chipale chofewa chikugwa mwaulesi m'kuwala kwa madzulo. Eino anaima. Akadakonda akadapanda kuima, koma goloboyi sadutsa ayezi watsopano osamuyang'ana.

Kumbuyo kwake kunamveka kugugudza. Remy ankabwera akudzandira pamphasa ya labala, poti nsapato zimene zimamuulutsa pa ayezi zimamusandutsa bakha pansi pouma.

"Ukudziwa kuti ndinakagogoda kwa kochi chifukwa cha iwe?" anakuwa. "Amafuna kutenga mwana wina wa ku Manitoba. Ine ndinati ayi, Eino akhale. Ndakhala ndikukuteteza chiyambire!"

"Kunditeteza kwa ndani?"

"Kwa iyeyo! Amaona zonse munthu uja. Ndikamakugoletsa tsiku ndi tsiku ngati kale, ukuganiza angakusunge? Angakuthamangitse Lolemba lomwe. Ndiye ine nditsale ndi ndani muno? Anyamata awa sadziwa ngakhale komwe kuli chishedi chathu chija."

Mawuwo anakagunda mipando yopanda anthu nkubwerera. Eino anamuyang'ana mnzakeyo koyamba tsiku limenelo. Remy anali wofiira nkhope, tsitsi litanyowa, ndipo ankaoneka wamng'ono mu jezi yatsopano ija. Eino anali asanaganizepo kuti pabenchi yodzaza napo munthu angakhale yekha.

"Ndiye umachita dala."

"Nanga ndikadatani?"

"Ukuyesa sindimadziwa?"

Remy anakanda ndodo yake ndi chala pomwe tepi inayamba kumasuka.

"Chabwino," anatero motsitsa. "Ulemu sukuufuna. Suti sukuifuna. Chachitsulo cha dzina ndikagula ndekha ndidzakhome, nacho uti sukuchifuna. Ine ndatopa kulota, Eino. Ukufuna chiyani kwenikweni?"

Eino anayang'ana golo la kutsidya lija, laling'ono, lofiira, lili lokhalokha pakati pa kuyera konseko. Chingwe cha chikwama chinkamudula phewa. Anachitsitsa pansi pang'onopang'ono, nkupukuta chigoba chija ndi mkono wa malaya.

"Akandichotse Lolemba ngati akufuna, bola andichotse ndikugwira mipira yeniyeni," anatero. "Usadzandimenyerenso pachifuwa, Remy. Ndikufuna uzindimenyera pamwamba pa phewa lamanzere, ndi mphamvu zako zonse. Ukagoletsa, uzinditcha agogo."