Chingwe cha a Kapitao Everson

Bwana wamng'ono amene anabwera pa esiteti yathu mu 1956 anali ndi maganizo ambiri, ndipo ena mwa iwo ankapweteka anthu. Khirisimasi ikuyandikira, analamula kuti divishoni ya kumtunda ndi ya kudambo zidzakokane chingwe pabwalo la mpira. Ankati masewerawo adzabweretsa chikondi pakati pa antchito. Makapitao awiri anauzidwa kuti aliyense asankhe amuna ake.

A Everson, kapitao wa kumtunda, anasankha monga amagulira nthochi pa Masambanjati: kuyamba ndi phava lalikulu, kenako lotsatira. Wamkulu pa onse anali Mabvuto, amene ankasenza zipika za bulugama kupita nazo kufakitale. Khosi lake linali ngati mtondo, ndipo atamva kuti wasankhidwa anangofunsa ngati chingwecho n'cholimba mokwanira.

Wachiwiri pa mphamvu anali Malizani. A Everson anamupeza m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. Malizani anamvetsera bwinobwino, nafunsa kuti wina ndani. Atamva dzina la Mabvuto anayambanso kuthyola tiyi. Mkazi wake woyamba, Alesi, tsopano ankaphikira Mabvuto, ndipo anapita ndi mbale zomwe. Azichimwene ake a Malizani, amuna a misinkhu yabwino, nawonso anakana, poti mbalezo zinali za malemu mayi awo.

A Winston, mkulu wa mpingo wa manja ngati mafosholo, anati sangagwire chingwe chimodzi ndi munthu amene anagona pakhomo la tchalitchi ataledzera kachasu, mpaka akhristu kumulumpha polowa. Douglas wa kukhola la ng'ombe anangoonetsa pomwe panali dzino lake limene Mabvuto analigulula.

Pomatha sabata, a Everson anali ndi Mabvuto, mlonda wina wokalamba, ndi bambo wina wa ku Kapichi wosamva, yemwe anali yekha pa divishoni yonse amene sanamvepo Mabvuto akumutukwana. Anawayesa ndi amayi othyola tiyi pa nthawi ya phala, ndipo amayiwo anawakoka mpaka mungalande, ena ana ali kumsana.

Apo a Everson anagwiritsa ntchito ukapitao wawo. Analamula amuna onse amphamvu kuti agwire chingwe, wofuna ndi wosafuna, apo ayi akapalira kumunda wa lunguzi. Anagwiradi. Koma mluzu usanalire n'komwe, Malizani anali atakulunga kale khosi la Mabvuto ndi nsonga ya chingwe, a Winston akupemphera mokweza kwinaku akuponda phazi la munthu.

Polekanitsa ndewuyo a Everson anaona chinthu. Akachotsa munthu pagulu, phokoso linkachepa kapena kukhala momwemo, koma silinkakula. Ndewu inkabwera ndi munthu wowonjezera. Ndipo atamukankhira Mabvuto kuseri kwa shedi, amuna ambiri anatsala ataima phee, chingwe chili m'manja, akungopuma.

Kunyumba anafotokozera akazi awo a Teleza kuti nkhani yatha, angochotsa Mabvuto basi. A Teleza anaseka mpaka kukhala pansi. Anawakumbutsa kuti a Winston ndi Douglas salankhulana chichokereni nkhani ya nkhumba imene inadya chinangwa, kuti Douglas yemweyo amamwa chipanda chimodzi ndi abale a Malizani, ndi kuti mng'ono wa a Winston anakwatira mwana wa mlonda uja n'kumubweza.

"Ndiye ndisankhe bwanji?" anafunsa a Everson.

"Inu ndinu kapitao," anatero a Teleza. "Ine ndimangodziwa amene sapatsana moni."

Masiku otsatirawo a Everson anavutika kuposa nthawi yodulira tiyi. Ankaitana amuna pang'onopang'ono pansi pa mtengo, n'kuika chipanda cha thobwa pakati. Chikazungulira onse, ankaitana wina. Wina akachikankha, ankayambiranso ndi gulu lina. Anapeza kuti akatenga a Winston amataya Douglas ndi anzake a kukhola, koma akatenga Douglas amataya a Winston okha ndi mng'ono wawo wowonda uja. Panalibe gulu lotenga onse. Lina linkatha msanga, lina linkakula, malinga ndi amene wayamba naye. Thobwa la a Teleza linathera momwemo. Pomaliza anasiya a Winston, amene anawalalikira Lamlungu lotsatira mosatchula dzina, koma akuwaloza.

Chotsala chinali kumuuza Mabvuto. A Everson anamuuza ataima kutsidya lina la ngolo. Mabvuto sanakalipe. Anatula chipika, napita molunjika kudambo kwa a Kapitao Anderson, amene anamulandira ngati mvula yoyamba. A Anderson anatumiza ngakhale uthenga kumtunda wothokoza chifukwa cha mphatsoyo. Koma Mabvuto anali atayendako kumalaini, nyumba za antchito a kudambo, zaka zambiri n'kuyambana ndi anthu kumenekonso, ndipo pofika tsiku la masewera theka la amuna a Anderson linali litadwala msana.

Tsikulo azungu anakhala pamipando pansi pa tenti, anthu atazungulira bwalo lonse. Mvula inali itagwa m'mawa. Amuna a kumtunda atakweza maso n'kuona amene waima kumapeto kwa chingwe mbali inayo, a Everson sanafunikenso kuwalimbikitsa. Mabvuto anakumba pansi ndi zidendene, nawaimitsa kanthawi ndithu, misempha ili tololo m'khosi. Kenako matope anamupereka. Mluzu unalira kuti kumtunda apambana, koma palibe anaumva. Anapitiriza kukoka, Mabvuto akukwekwereka chafufumimba, kudutsa mzere, kudutsa golo, mpaka pamapazi a dona wa bwana wamkulu, amene anakweza miyendo kapu ya tiyi ili m'manja. A Winston, omwe anali kunja kwa timu, anaoneka atagwira nawo kumchira kwa chingwe, Douglas ali patsogolo pawo, ndipo onse awiri pambuyo pake anakana kuti sizinachitike.

Bwana wamng'ono anakondwa kwambiri. Anauza alendo ake kuti sanaonepo umodzi wotere, napereka mbuzi kwa opambana.

Mbuziyo ikuwiritsidwa kuseri kwa malaini, Mabvuto anatulukira atasamba, imodzi mwa mbale za Alesi zija ili m'manja. Anakhala pakati pa Malizani ndi Douglas, natambasula miyendo. Ankati popanda iye sakanapambana, ndipo a Everson atalingalira anaona kuti sakunama. Anamupatsa mwendo. Malizani anayang'anitsitsa mbaleyo kwa nthawi yaitali, koma popanda chingwe m'manja anangoti nyama yachepa mchere.