Digiri ya Mzime

"Tsegula," Bambo anatero, akukankhira laputopu ya Mzime kwa mwana wawo Chisamba.

Anali m'shopu mwawo mokonzera mafiliji, chitseko atangochitsegula theka kuti makasitomala asalowe. Panali patapita masiku asanu chimuikire Mzime m'manda. Chisamba anayang'ana laputopuyo ili pakati pa masipanala ndi kompuresa yomasulidwa, koma manja ake sanawachotse m'thumba la ovolosi.

"Sukumva? Mawu achinsinsi ukuwadziwa ndiwe."

"Ndikuwadziwa, Bambo."

"Nanga ukudikira kuti ndikugwadire?"

Kalata ya ku koleji inali patebulo pomwepo, atayitsamiza ndi nyundo. Inabwera dzulo lake. Inkati popeza malemuyo anakhoza mayeso onse a digiri yake ya ukatswiri wopanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo chinatsala ndi pulojekiti yomaliza yokha, koleji ikhoza kumpatsabe digiriyo. Abale anafunika kubweretsa pulojekitiyo Lachisanu, ndi kusaina fomu yotsimikiza kuti ntchitoyo anaigwira yekha mwini wake. Bambo anali ataiwerenga kalatayo mpaka inayamba kung'ambika mopinda.

"Amene analemba pulojekitiyo si Mzime," Chisamba anatero. "Ndinalemba ndine."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsonya.

Pabanjapo ana anali awiri okha, ndipo aliyense ankawaitana monga anabadwira: Chisamba ndi Mzime. Amayi awo anamwalira anawa ali ku sekondale. Chisamba ndiye ankakhoza masamu, koma itakwana nthawi ya koleji Bambo anagamula okha mlandu. "Iwe manja ako ndi abwino pa waya, ukhala nane pano. Mnyamatayu apite." Nkhani inathera pomwepo. Zaka zinayi Chisamba anakhala akuthira gasi m'mafiliji a anthu, mlongo wake akunyamula chikwama kupita kukalasi.

Koma Mzime anali waulesi powerenga yekha. Mayeso akayandikira ankabwera m'shopumo, n'kukhala pa filiji yakufa, n'kumupatsa Chisamba makope ake. "Achemwali, tandifunsani mafunso." Pofunsafunsapo Chisamba anayamba kumva zinthuzo, ndipo pofika chaka chachitatu ankamugwira mlongo wake zolakwa. Ndiye impso za Mzime zinayamba kuvuta. Miyendo inatupa, maso anachita chidima, zala zinkanjenjemera pa mabatani. Pulojekiti yake inali pulogalamu yodziwitsa odwala nthawi yeniyeni yoonana ndi dokotala, kuti asamaswere pa mzere tsiku lonse monga ankachitira iye. Ganizo linali lake. Koma mizere yonse, miyezi isanu yathunthu, amene anailemba ndi Chisamba, laputopu ili pamiyendo, pambali pa bedi la m'chipatala. Mzime ntchito yake inali kutsutsa, kuseka, ndi kutumiza zimene zalembedwa tsikulo ku kompyuta ya ku koleji.

"Ndiye ukufuna chiyani?" Bambo anafunsa. "Tikuombere m'manja?"

"Sindikufuna kalikonse. Koma fomuyo ikufunsa kuti analemba ndani."

"Fomuyo ikufunsa ine, bambo wake. Iwe ntchito yako ndi kutsegula ichi."

Azakhali, mlongo wawo wa Bambo, analowa chammbali pachitseko atanyamula phukusi lathyathyathya. Chiyambire maliro anali asanabwerere kwawo, ndipo makiyi a nyumba anali atasamukira m'chikwama chawo. Anamasula phukusilo. Inali felemu yakuda, yagalasi, yoikamo digiri ya Mzime.

"Ndayeza pakhoma la pabalaza, ikwana bwino pamwamba pa wailesi," anatero. Kenaka anaona nkhope za awiriwo. "Kwagwanji?"

"Mfunseni mwana wanuyu. Akuti digiri ndi yake."

"Sindinatero, Bambo."

Azakhali anaika felemu pansi mosamala. "Ndinkadziwa ine. Kumanda kuja ndinkamuyang'ana. Anthu akugubuduka, uyu maso gwa, ngati wabwera kudzayendera ntchito."

"Ndinalira miyezi isanu, Azakhali. Inu munabwera kawiri, ndipo kachiwiriko munkafunsa anamwino ngati matendawo ndi opatsirana."

"Mwamva pakamwa pakepo, achimwene? Nsanje imeneyi inayamba kale. Munthu kulimbirana ndi mtembo."

Chisamba anafuna kunena za zaka zinayi za gasi ndi waya, za zotsatira zake za mayeso zimene mpaka lero zinali m'katoni ya mababu. Koma Bambo anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, ndipo anaona kuti malaya awo anawamanga mabatani molakwitsa.

"Mwana wanga wapita wopanda mkazi, wopanda mwana, wopanda kanthu," Bambo anatero, mawu ali pansi. "Chatsala ndi pepala limodzi lokhala ndi dzina lake. Nalonso ukufuna umulande. Ukatero, usadzanditchenso bambo."

Chisamba anatulutsa manja m'thumba, nakokera laputopu kwa iye, n'kulemba mawu achinsinsi aja.

Masiku awiri otsatirawo m'nyumba munalibe kulankhulana. Bambo akafuna sipanala ankauza khoma. Azakhali ankatsuka mbale ziwiri, yachitatu n'kuisiya m'sinki. Mkamwini wa aneba atabwera kudzatenga mipando imene anabwereka pamaliro, Azakhali anamuuza mokweza, kuti wa kuchipinda amve, kuti Mzime ankalemba mapulogalamu ngakhale ali pa diripi, mwana wa mutu ngati uja sadzabadwanso.

Lachisanu m'mawa Bambo anavala jekete yawo ya ku ukwati. Anati apita okha, koma pachipata anakumbuka kuti akafunsidwa kanthu za kompyuta sadzayankha.

"Tiye," anatero osamuyang'ana. "Ukafunsidwa, uyankhe zimene ndinakuuza."

Ofesi ya aphunzitsi amene ankayang'anira pulojekiti ya Mzime inali pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali. Munali mothina, mashelefu odzaza mabuku ndi mawaya opiringizana. Aphunzitsiwo anali mayi wa imvi zapatalipatali, magalasi atawakweza pamphumi. Anawapepesa mwachidule, nawapatsa mipando. Bambo anatulutsa fomu, atasaina kale, n'kuiyala patebulo ndi chikhatho.

Aphunzitsi anaiwerenga fomuyo, koma sanaitenge. Anatembenukira kwa Chisamba.

"Inu ndinu achemwali ake?"

"Ndine."

"Pulojekitiyi analemba ndani?"

Chisamba anamva bondo la Bambo likugunda lake. "Analemba yekha," anatero.

Aphunzitsi anatsitsa magalasi awo. "Bambo, kalata ija inachokera ku ofesi yolembera ophunzira. Anaitumiza asanandifunse, ndipo pamenepo tinakulakwirani. Fomu iyi sindingailandire."

Bambo anatembenukira kwa Chisamba pang'onopang'ono. "Unabwera kuno mwamseri."

"Sindinafikeko kuno chibadwire."

"Bodza. Njoka iwe. Wandivula pagulu."

"Mwana wanuyu ndikumuona koyamba lero," aphunzitsi anatero. "Amene anandiuza ndi mwana wanu winayo."

Anatembenuza kompyuta yawo kuti onse aone. Anafotokoza kuti wophunzira akamatumiza ntchito ya tsikulo, amalemba mzere umodzi kapena iwiri wonena zimene wasintha. Mizere imeneyo simaoneka m'pulogalamu, imasungidwa payokha, ndipo amaiwerenga ndi mphunzitsi. Chisamba anali asanaionepo. Potumiza, Mzime ankamulanda laputopu, n'kuiyandikitsa kumaso mpaka mphuno kugunda galasi, akuti mawu achinsinsi a ku koleji sapatsa anthu a mafiliji.

Mizere inali yambirimbiri, uliwonse ndi tsiku lake. Aphunzitsi anawerenga wina mokweza.

"Zonse za lero alemba ndi achemwali anga. Ine ntchito yanga inali kuwasokoneza."

Anatsitsa pang'ono.

"Ndinawauza kuti izi sizingatheke. Zatheka. Musawauze kuti ndavomera, mutu ungawakule."

"Zamasewera izo," Bambo anatero. "Mwana uja anali wanthabwala."

"Inenso poyamba ndinkayesa nthabwala. Nditaona kuti zikupitirira, ndinamuimbira foni. Ndinamuuza kuti ntchito yolemba munthu wina singamupatse digiri. Anati akudziwa, adzalemba ina akachira. Ndinamufunsa kuti nanga akutumiziranji. Anati, ndikufuna muone kaye zimene achemwali anga amatha, chifukwa kunyumba palibe amene angazione."

Panja, pakhonde, ophunzira ankakangana za nthawi ya mayeso.

"Ndiye digiri palibe," Bambo anatero.

"Digiri palibe. Ndikapempha kuti apatsidwe dipuloma ya zaka zimene anamaliza. Imeneyo anaigwirira yekha ntchito, palibe angatsutse." Aphunzitsi anayang'ananso Chisamba. "Inu, ntchito iyi ndi yabwino kuposa zambiri zimene ndalandira chaka chino. Pali njira yolowera ya anthu amene ali kale pantchito. Sindikulonjeza malo, koma mutabwera Lolemba ndi zotsatira zanu za ku sekondale, tikhoza kukambirana."

Bambo anaimirira, mpando n'kugunda shelefu. Anatenga fomu ija, naipinda kanayi.

"Mmodzi ndinakupatsani, mwandibwezera dipuloma. Tsopano mukufuna winayu, nditsale ndi mafiliji." Anatembenukira kwa Chisamba. "Munapangana. Iwe ndi iye. Miyezi yonseyi mukundiseka."

"Sindinkadziwa, Bambo."

"Ukabwera kuno Lolemba, makiyi a shopu usiye patebulo."

"Ndidzawasiya," Chisamba anatero. Mawuwo anatuluka okha, osanjenjemera, ndipo iye mwini anadabwa nawo.

Bambo anatuluka, nsapato zawo zikumveka mpaka kumasitepe. Chisamba anasuzumira pawindo. Patapita kanthawi anawaona pansi, ataima pafupi ndi chipata, fomu ili m'manja. Sanatuluke pachipatapo. Anangoima, akuyang'ana msewu.

"Muwatsatire," aphunzitsi anatero.

"Ndiwatsatira. Koma ndingaone mzere womaliza?"

Aphunzitsi anamusunthira kompyuta, iwo n'kutembenukira ku mashelefu ngati akufuna buku. Chisamba anatsitsa mpaka pansi. Mzere womaliza unatumizidwa masiku asanu ndi anayi Mzime asanamwalire, nthawi ya masana. Unali ndi zilembo zambiri zolakwika, zina zobwereza, monga amalembera munthu amene sakuona bwino.

"Lero sitinasinthe kalikonse. Achemwali agona pampando laputopu ili pamiyendo. Ndawafunditsa jekete yanga. Mawa akalipa."

Tsikulo Chisamba analikumbuka. Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, khosi likuwawa, jekete yonunkha mankhwala itamukuta mpaka m'chibwano, laputopu ili pabedi pa Mzime. Kuchoka pabedi kufika pampandopo panali mapazi anayi, ndipo sabata imeneyo Mzime sankatha kuima popanda womugwira. Anamukalipira tsiku lomwelo, osadikira mawa, kuti akanagwa akanamudzutsa ndani. Mzime anali atagona chagada, akupuma movutika, maso ali kudenga.

"Ine ndidzuke chifukwa cha inu?" anatero. "Akufunditsani ndi anamwino."