Sanayang'ane Kumanzere

"Maluwa amenewo asalowe m'nyumba muno."

Sunniva anaima pakhomo la khitchini ndi maluwa oyera m'manja, madzi amvula akudontha papepala lokulungira. Amayi ake, a Gunvor, sanacheuke n'komwe. Ankadula buledi wa anthu odzapepesa, mpeni ukugunda thabwa ngati akuwaza nkhuni.

"Wabweretsa ndi mwamuna wa Maiken, amayi. Akadali pageti."

"Ndiye sunachedwe. Kam'bwezere."

A Halvard, akulu awo a malemu, anali pampando wa pawindo, khofi atawazizirira m'kapu. Analankhula akuyang'ana panja.

"Alamu akunena zoona, mwana wanga. Si nthawi yake. Lachisanu kutchalitchinso asadzaoneke munthu wa kunyumba imeneyo. Ndawatumizira kale uthenga."

Sunniva anatuluka. Mwamuna uja anali ataima pamvula, chipewa chili m'manja, ndipo ataona maluwa akubwerera anagwetsa nkhope. Sunniva sananene mawu amene anatumidwa. Anangoti, "Alandira. Akuthokoza kwambiri," kenako anazungulira kuseri n'kukaika maluwawo m'ndowa, m'galaja, momwe amayi ake sankalowamo.

Anakhala pa bokosi la zipangizo kwa kanthawi, akumvetsera mvula padenga.

Bambo ake, a Torleif, anamwalira Loweruka masana pabwalo la kalabu yodumpha ndi parachuti, imene iwo ndi a Halvard anayambitsa iye asanabadwe. Anali atadumpha m'ndege kambirimbiri moti anasiya kalekale kuwerenga. Theka la odumpha a m'chigwa chonsecho anadutsa m'manja mwawo, Sunniva yemwe ali m'gulumo. Tsikulo, atatsala pang'ono kutera, parachuti yawo inawombana ndi ya Maiken, mayi wa ana awiri amene anayamba kudumpha chaka chathachi. Maiken anapulumuka, koma anali gone kuchipatala atathyoka chiuno. Dzuwa lisanalowe, kalabu yonse inali itamanga kale mfundo imodzi: wophunzira anasochera n'kudutsa m'njira ya katswiri.

Sunniva anali m'mwamba nthawi imeneyo. Ndiye anatuluka m'ndege pomalizira, ndipo zonse zinachitikira kunsi kwa mapazi ake. Palibe amene anam'funsa. Ankangom'kumbatira, n'kumamuuza zimene iye mwini anaona.

Lachitatu m'mawa a Gunvor anavala chikhoti n'kunena kuti akufuna kukaona pamene amuna awo anagwera. Panali patapita zaka asanapondeko kubwaloko. Ankati mwamuna anam'pereka kale kuthambo, mwana naye anatsatira, koma maso awo okha ndiye anakana kuwapereka.

M'shedi ya ndege anapezamo anzawo a malemu, aimvi okhaokha, atagwada pansi akupinda maparachuti. Munkanunkhira nayiloni, mafuta a ndege ndi khofi wopserera. Ankakonzekera kudumpha kotsanzikana: Lachisanu akaika maliro adzakwera onse, adzagwirana manja m'mwamba n'kupanga bwalo losiya mpata wa munthu mmodzi.

"Iwe udzakhala pafupi ndi mpatawo," anatero a Bodil, mayi wamfupi wa mawu osasa amene ankapindira kalabu yonse maparachuti opulumukira. "Mbali inayo Halvard, ngati mimbayo ingam'lole kugwa mofanana ndi anzake."

"Ine ndimagwa bwinobwino," anayankha a Halvard. "Ndiwe umayandama ngati nthenga, tonse n'kumakudikira pansi."

Anthu anaseka, koma atakumbukira kuti namfedwa ali pomwepo, kusekako kunathera m'kutsokomola. Wina analowetsa a Gunvor mu ofesi kuti akalandire khofi. Chitseko chitangotsekeka, nkhani inabwerera pomwe inali.

"Ndakhala ndikunena ine," anatero mkulu wina akufinya mphepo m'nsalu ndi mawondo, "anthu oyamba atakula kalewa amadumpha ndi mantha. Munthu wamantha amangoyang'ana pamene akufuna kupondapo, basi. Za anzake alibe nazo ntchito."

"Torleif ukanam'manga m'maso, akanaterabe pa mbale."

"Tikumawapatsa msanga ziphaso. M'masiku athu ankakukhazika pansi mwezi wathunthu chifukwa chongotera molakwika."

Sunniva anawayang'ana manja. Manja okalamba, odziwa ntchito, akuwongola chingwe chilichonse mosamala kuposa masiku onse. Anawamvetsa, ndipo kuwamvetsako n'kumene kunam'weruza. Ngati Torleif angalakwitse, ndiye kuti aliyense wa iwo angalakwitse, chonsecho Lachisanu ankayenera kukaimanso pakhomo la ndege.

A Halvard anam'kodola. Anakaima kuseri kwa phiko, pomwe enawo sakanawamva.

"A kubungwe loyang'anira masewerawa akubwera Lolemba kudzafufuza. Adzakufunsa, poti unali m'mwamba."

"Ndikudziwa, bambo aakulu."

"Unali kutali. Dzuwa linali m'maso. Palibe angadabwe ukanena kuti sunaone bwino."

"Ndinaona bwino."

A Halvard anapukuta phikolo ndi chikhatho, ngakhale panalibe fumbi.

"Tamvera. Akangolemba kuti mlangizi wamkulu ndiye anakhotera kosayenera, bwalo lino alitseka. Moyo wonse wa bambo ako uli pano. Maiken achira, akapeza masewera ena, aiwala. Torleif watsala ndi dzina lokha. Ukufuna um'lande limenelonso, amayi ako akumva?"

"Ndinu munkawalola kudumphabe ndi kaparachuti kakang'ono kaja. Kaja n'ka anyamata, kamatsika ngati mwala. Ndinakuuzani m'chilimwe kuti khosi lawo silikutembenuka bwino, poyendetsa galimoto ankachita kutembenuka thupi lonse."

"Iweyo unam'letsa? Unakwera naye ndege imodzi, mwana wake weniweni, unam'letsa?" anatero a Halvard. "Munthu ameneyo analetsedwapo ndi ndani chibadwire?"

Sunniva sanawaletse tsikulo. Zinali zoona. M'ndegemo bambo ake anam'tsinzinira diso limodzi asanatuluke, iye n'kuseka.

"Ndikudikiratu ine," anatero a Gunvor ali pakhomo la shedi.

Anayenda atatu pa udzu wonyowa, a Halvard patsogolo. Mvula inali itakata, koma mitambo inali yotsika moti palibe ndege ikanauluka. Anadutsa mlongoti wa thumba losonyeza mphepo, n'kufika pamene anthu anaikapo makandulo a m'mabotolo. Ambiri anali atazima, madzi atadzaza m'mabotolomo. Udzu unali utaphwanyika ndi matayala a ambulansi.

A Gunvor anaima nthawi yaitali, manja ali m'matumba. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene wafika pamudzi wakale akufuna kukumbukira njira.

"Alamu, ine za parachuti sindizidziwa. Koma pabenchi ija ndinakhalapo zaka zambiri, mwanayu ali pamiyendo. Akatswiri othamanga aja samatera tsidya la ngalande? Kuno si kwa ophunzira?"

"Mphepo inawakankhira kuno atakolana kale," anayankha a Halvard msangamsanga.

"Loweruka kunalibe mphepo. Ndinayanika zovala, sizinaume." Anatembenuka. "Sunniva?"

A Halvard anam'yang'ana. Sanali maso oopseza, anali maso opempha, ndipo akanakhala oopseza zikanam'phwekera. Sunniva anatembenukira kwa amayi ake.

"Maiken anali m'njira yake, amayi. Ankatsika pang'onopang'ono, molunjika, monga momwe bambo anam'phunzitsira. Bambo anachedwa kubwerera, anaona kuti tsidya lija safikako, ndiye anangoganiza zokhotera konkuno. Anakhota mwaliwiro, monga ankachitira akafuna kusesereka pamwamba pa udzu. Sanayang'ane kumanzere. Ndinkaona chipewa chawo. Mutu sunatembenuke."

"Sunniva," anatero a Halvard.

"Ndiwo anam'gunda. Anachokera kumwamba, kumbuyo kwake. Iye sakanawaona n'komwe."

Khwangwala analira kunkhalango. A Gunvor sanasunthe.

"Munthu amene ankalalatira aliyense kuti yang'ana usanakhote," anatero motsitsa. "Ngakhale ine, pokankha ngolo m'sitolo." Anayang'ana Sunniva. "Nanga zinatheka bwanji kuti iye afe, mnzakeyo akhale moyo?"

"Nsalu yawo inakulunga zingwe za Maiken. Anayamba kuzungulira onse awiri, akutsika mothamanga. Kulemera kwa bambo kunkafinya parachuti ya Maiken, sinkatha kutenga mphepo. Ndiye anakoka chogwirira chofiira."

"Chodulira chija?"

"Eya. Anadzimasula."

"Koma ankati ukafika pansi choncho sudula. Ndinkamumva. Ankati yopulumukira imafuna mpata."

"Ankadziwa, amayi. Yopulumukira inangotuluka m'chikwama, yoyera, ikuwatsatira ngati chinsalu. Sinatseguke. Koma ya Maiken inatenganso mphepo, theka lokha, lokwanira kuti asafe."

"Ndiye tinene zimenezo!" A Halvard anatambasula manja. "Anapereka moyo wake chifukwa cha wophunzira. Kodi ndi bodza? Tinene zimenezo, zinazo tizisiye m'manda."

"Ndidzanena zonse ziwiri."

"Ukatero, Lachisanu usadzakwere ndege yanga."

"Chabwino."

Sunniva anayembekeza kuti a Halvard akalipa, koma nkhope yawo inangokhwinyata ngati ya mwana. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, osati cha kushedi, koma cha kungalande, mapewa akugwedezeka.

A Gunvor anagwada pa udzu wonyowawo. Anatenga botolo limodzi, anakhuthula madzi, analibwezera pamalo pake.

"Chitsiru," ananong'ona. "Chitsiru cha nkhalamba." Anakhuthula lachiwiri, lachitatu. Sunniva anawerama kuti awathandize, koma anam'kankha dzanja.

"Masiku onsewa wandisiya ndikutukwana munthu wosalakwa. Wandiyang'ana ndikuthamangitsa mwamuna wake pageti ngati galu."

"Ndinkaopa kuti—"

"Unkaopa kuti ndisweka? Ndakhala ndi bambo ako zaka zonsezi. Ukuganiza kuti ndinkamuyesa mngelo?"

Anadzuka okha, mawondo a thalauza atadetsedwa ndi matope. Anauyamba wobwerera kushedi. Sunniva ankayenda pambuyo pang'ono, osadziwa ngati wataya amayi ake pamodzi ndi kalabu. Pakhomo la shedi anthu anali atasiya kupinda, ataima chilili. Anali ataona a Halvard akulowera kungalande, ndipo palibe anafunsa kanthu. Mkulu amene ankadandaula za ziphaso uja anayang'ana kumbali Sunniva akudutsa.

Pamalo oimika magalimoto, kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo umene unkayoyola masamba achikasu, panali kagalimoto kobiriwira. Masamba anali atamatirira pagalasi lonse. Kumbuyo kunkaoneka mpando wa mwana ndi nsapato imodzi yaing'ono ya mphira.

"Iyi ndi ya ndani?" anafunsa a Gunvor.

"Ya Maiken."

"Chikhalire Loweruka?"

"Palibe waikhudza."

A Gunvor anayang'ana anthu a pakhomo la shedi aja mmodzimmodzi. Kenako anakweza mawu.

"Bodil! Makiyi a galimoto iyi ali kuti?"

A Bodil anazengereza pang'ono, kenako analowa mu ofesi, momwe odumpha amasiya makiyi ndi mafoni m'kabasiketi asanakwere ndege. Anabwera nawo okha, akudutsa pakati pa anzawo osayang'ana aliyense, n'kuwaika m'dzanja la a Gunvor. Anagwira Sunniva pamkono kamodzi, mwamphamvu, n'kubwerera.

"Munthu akachoka pano pa ambulansi," anatero a Gunvor akusesa masamba pagalasi ndi mkono wa chikhoti, "bambo ako sankadya chakudya mpaka atakasiya galimoto ya munthuyo kwawo. Ankati a pabanja asavutike kubwera kudzaona malo ano. Kenako ankandiimbira foni kuti ndikam'tenge, kunyumba za anthu oti sindiwadziwa, nthawi zina kuseri kwa phiri. Ndinkanyinyirika njira yonse."

"Sanandiuzepo."

"Akanakuuza bwanji, ngati kuti ndi nkhani?"

Anatsegula chitseko n'kulowa. Maiken anali wamfupi, ndipo mawondo a a Gunvor anagunda chiwongolero. Sunniva anawerama kuti awakankhire mpando kumbuyo, koma amayi ake anam'gwira dzanja.

"Usiye. Bambo ako sankasuntha mpando, ngakhale ndi miyendo yake ija. Ankati mwini wake akachira adzaupeze pomwe anausiya."

Analiza injini, anakonza magalasi awo a m'maso, atapindika pampando waung'onowo.

"Iwe uzitsatira pambuyo pa galimoto yathu."