Nsanza za Alamu Nantenin

Kuchitsime anthu akungonong'onezana kuti mwana wa alamu anga, a Nantenin, akutentha thupi chifukwa amake sanavine Moribayassa. Ine ndimangogwedeza nawo mutu.

Paja alamuwo anakhala zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana. Tsiku lina analumbira pansi pa mtengo wa mango kuti akadzabereka adzavina guleyu, monga amachitira amayi akuno ku Kouroussa kuyambira nthawi ya makolo: kuvala nsanza, kuzungulira mudzi ngati wamisala ng'oma ikulira, kenako kukwirira nsanzazo kuti mavuto atsale m'dothi. Diresi yomwe anavala polumbirapo anaipinda n'kuisunga m'dengu. Mwanayo, Sekouba, anabadwa, miyezi inayi yatha, koma achimwene a Lansana amangoti, "Mkazi wa mphunzitsi azijowajowa ngati chule? Ana asukulu andiseka."

Dzulo mwana anakana bere. Kuchipatala anapereka mankhwala, koma sakusintha. M'mawa uno achimwene agonja, akaitana okha a Bangaly oimba ng'oma.

Ndiye alamu atsegula dengu lija. Mulibe kanthu!

"Doussou!" akuwira mkazi mnzawo wapamitala. "Nsanje yakoyi, ukufuna mwana wanga afe eti?"

"Ine ndibe chinsanza chonunkha makoswe? Mayi inu, ndili nazo nsalu zanga!"

Amayi anga akuti, "Ingovala chilichonse chong'ambika, mwana wanga."

"Ayi amayi, ndinalumbirira yomweyo. Ndikakwirira ina ndiye kuti ndanama."

A Bangaly panja nawonso: "Dzuwa likukwera ili! Ndiimbire nkhuku kodi?"

Tsopano tamverani, koma musauze munthu. Mwezi watha ndinkasowa chopukutira miphika. Ndinaona diresi yakutha m'dengumo, ine n'kuing'amba zidutswazidutswa. Nanga ndikanadziwa bwanji kuti ndi ija? Zina ndinayatsira moto. Chatsala chidutswa chimodzi chokha, chakuda bii ndi mwaye, ndachibisa m'chiuno muno.

Panopa alamu agwada pabwalo akulira, mwana ali lefu m'manja. A Doussou akumanga katundu, akuti abwerere kwawo, sangakhale pomwe akutchedwa mfiti. Ndikachitulutsa chidutswachi, mwina alamu achimanga kumutu n'kuvina. Mwinanso anena kuti amene wamupweteka Sekouba ndi ineyo Saran, ndipo mawa kuchitsime nkhani ikhala ya ine.

Inuyo mukanakhala ine, mukanachitulutsa?