Zilembo Ziwiri za Kumapeto

Nkhonoyo inali yaing'ono ngati kambewu ka chitowe, ndipo inalibe dzina. A Ebihara adaitola pansi pa masamba owola m'phiri la miyala ya njereza kuno ku Shikoku, n'kubwera nayo m'kabotolo ku nyumba yosungiramo zachilengedwe komwe tonse tinkagwira ntchito. Yanga inali yojambula. Ndinkasuzumira m'galasi lokulitsa, pensulo ili m'manja, ndikulondola mizere yopota ya chigobacho ngati njira yokwera phiri la tianthu tosaoneka.

"Taonani kadzino kali m'kamwa mwa chigobamo, a Shirato," ankatero a Ebihara ataima kumbuyo kwanga. "Mwa abale ake onse kamakhala kumunsi. Mwa iyi kali pambali. Umenewu ndi mtundu wina."

Pantchito timaitanana ndi dzina la banja. Langa lenileni, Chizuru, anali asanalitchulepo, ngakhale ankandisiyira malalanje patebulo n'kumanama kuti awachulukira.

Chamoyo chilichonse chimakhala ndi maina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, la abale onse, ndipo la nkhonoyi linalipo kale: Diplommatina. Lachiwiri amasankha ndi wotulukirayo. Amalisunga pamtima mpaka litasindikizidwa, ndipo likasindikizidwa silifufutika, kaya mwini wake adandaule bwanji.

"Ndilembe chiyani pansi pa chithunzichi?" ndidawafunsa.

"Pasiyeni choncho."

"Mukundibisira ine, amene maso atha chifukwa cha kanthu kanuka?"

"Kudya kwa pamoto sakulawa," adatero, makutu atafiira.

Ine nthawi inali itandithera. Kampani ina yosindikiza mabuku ku Sapporo, kumpoto kozizira kuja, inkandifuna, ndipo inkadikira yankho sabata isanathe. Ndikadapita mosayang'ana m'mbuyo, koma panali malalanje aja. Ndinkafuna kudziwa ngati anali malalanje chabe.

Tsiku lina masana ndidawamva pafoni m'chipinda cha mabotolo, akulankhula ndi mkonzi wa magazini ya asayansi.

"Eya, likuchokera pa Shirato. Ayi, mwini wake sakudziwa."

Mtima udadumpha, kenako ndidagwa mphwayi. Shirato wodziwika pa nkhono ndi Bambo anga. Adaphunzitsa ku yunivesite mpaka kupuma, ndipo a Ebihara anali wophunzira wawo. Ndidakumbukira maulendo awo onse obwera kwathu Lamlungu, akukhala chogwada pamkeka, akumvetsera nkhani za Bambo zomwezomwezo. Ine ndinkayesa akubwerera ine. Madzulo ake ndidatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

Mawa lake Bambo adaitana a Ebihara kudzadya masana. Mayi adaphika udoni, chakudya chonga sipageti cha mu msuzi, ndipo nkhungu inali isanachoke m'mitengo ya kuseri kwa nyumba.

"Mwana iwe, ndamva kuti watola kanthu," adatero Bambo akusakaza msuzi ndi timitengo todyera. "Wakang'amba n'kuona zam'kati, kapena wangokonda nkhope yake?"

"Ndaona zonse, Aphunzitsi. Ndayerekezanso ndi zigoba za ku Tokyo."

"Nanga dzina? Usandiuze kuti wakatcha dzina lako. Amatero ndi anthu opanda anzawo."

"Ayi ndithu."

"Tatchula, nanga! Muno mulibe wakuba. Mayi akewa nkhono amangozidziwa pozithira mchere m'dimba."

"Zimandidyera kabichi," adatero Mayi. "Zikhale ndi Chilatini, zisakhale nacho."

A Ebihara adaika timitengo tawo pansi bwinobwino. Adayang'ana mbale, ngati dzinalo lalembedwa mu msuzi.

"Diplommatina shiratoae."

Bambo adaseka mpaka kutsamwa. Ndidaona kuti akondwera, chifukwa adavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Wandilemekeza, mwana iwe. Koma zaka zonse zija unkagona m'kalasi mwanga? Ukatcha dzina la mwamuna umamaliza ndi i. Shiratoi. Zilembo ziwiri zakozo, a ndi e, n'za munthu wamkazi. Kapena ukundiona ndavala diresi? Thamanga ukakonze asanasindikize, ungandichititse manyazi mpaka kumanda."

Lamulo limeneli ndidalidziwa ndisanadziwe kukwera njinga. Bambo ankandiimbitsa ngati nyimbo. Koma pamene ndinkamvetsera pakhomo la chipinda cha mabotolo ndidangomva chiyambi cha dzina, mathero ake osawamva. Mwina adalakwitsadi. Munthu wothira mchere m'tiyi poyesa shuga akhoza kulakwitsa zilembo ziwiri.

"Sindidalakwitse, Aphunzitsi."

Ketulo yokha ndiyo inkalira kukhitchini.

Bambo adavalanso magalasi. Adayang'ana a Ebihara, adayang'ana Mayi.

"Ndiye watchulira akazi anga? Wakupha nkhonoyu?"

"Inu, musapuse dala," adatero Mayi, akutola mbale zomwe tinali tisanamalize. "Tanyamulani tiyiyo tikamwere kukhonde."

"Ine ndikadali kudya."

"Mwakhuta."

Bambo adadzuka monyinyirika. Pakhomo adatembenuka, nkhope itakhwima ngati ya tsiku la mayeso.

"Ukudziwa kuti likatuluka latuluka? Ngakhale mutadzayambana, ngakhale atadzakuthira madzi otentha, nkhonoyo idzakhala yake mpaka dziko litatha."

"Ndikudziwa, Aphunzitsi. N'chifukwa chake."

"Hm. Chabwino n'chakuti dzina la kwathu lidzatsala m'phirimo, mwini wake akadzalisintha ku ofesi ya maukwati."

"Bambo!"

Chitseko chidatsetsereka n'kutsekeka. Tidatsala awiri, ndi msuzi wotayikira patebulo.

"Bwanji simudangolemba chizuruae?" ndidafunsa. Mawu anga adatuluka aang'ono ngati nkhono yomweyo. "Bwenzi ndisadatsitse sutikesi."

"Sutikesi?" Adadzidzimuka. "Ndiye za ku Sapporo zija n'zoona?"

"Yankhani langa kaye."

"Ndinkaopa. Dzina limenelo simudandipatse chilolezo cholitchula. Ndidati ndibisale kumbuyo kwa Aphunzitsi, zilembo ziwirizo zindilankhulire. Mukadapanda kuzifuna, bwenzi tonse tikunamizira kuti ndi Chilatini changa chofooka."

"Munthu wotha kuona kadzino m'kamwa mwa kambewu ka chitowe, koma osaona munthu wathunthu ali pamphuno panu."

"Anthu salowa pansi pa galasi lokulitsa."

Ndidaseka, misozi ili m'maso. Kunja nkhungu inali itayamba kung'ambika, ndipo nsonga ya phiri lija inkaoneka, yotuwa, yonyowa. Penapake pamenepo, pansi pa tsamba lowola, kanthu kena kankayenda pang'onopang'ono katasenza dzina langa, kosadziwa n'komwe.

"A ku Sapporo ndiwaimbira mawa, apeze wina," ndidatero. "Koma Loweruka mukandionetse pamene mudaitola. Sindingakhale ndi mnzanga wa dzina ndisadamuone akuyenda."

"N'kokwera kwambiri. Kuli misundu."

"Ndiye mukandigwira dzanja. Tatchulani tsopano, ndimve."

"Diplomma..."

"Osati limenelo."

Makutu awo adafiiranso.

"Chizuru," adatero.