Makaka pa Denga la Landirova

Ndinkasenda chinangwa kuseri kwa khitchini pamene Eliness anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Amayi, yalira!"

"Chalira n'chiyani?"

"Galimoto ya adadi! Kodi simukumva?"

Kumva ndinali nditamva, koma ndinkayesa ndi chigayo cha kutsidya. Ndinaika mpeni m'dengu n'kupukuta manja. Sindinadzuke msanga. Eliness ndi mzime wanga, nthawi imeneyo ali folomu 3, ndipo kwa iye kulira kwa injiniyo kunali chikondwerero basi. Kwa ine kunali kunena kuti bambo ake ayandikira kuchoka.

Bambo akewo, a Cornelius, kwawo ndi ku Rumphi. Anabwera ku Migowi ali mnyamata kudzagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, anandipeza ine, ndipo atapuma pantchito anakhala kuno kwa Mkhumba, pamalo a mayi anga, monga timachitira kwathu kuno. Nyumba anamanga ndi iwo, malata anagula ndi iwo, mango anabzala ndi iwo, koma zonsezo zili padothi lathu. Kuno mwamuna amabwera ndi sutikesi, ndipo tsiku lochoka amanyamula sutikesi yomweyo. Iwo ankazidziwa zimenezi. Sindinawamvepo akudandaula.

Landirovayo inali ya kumishoni. Napolo wa mu 1991 anaikwirira m'matope mpaka m'mawindo, ansembe anaifukula n'kuisiya pansi pa mtengo, ndipo inakhala pomwepo mpaka mavoti a matipate anadutsa. A Cornelius atalandira za penshoni anakaipempha, n'kubwera nayo ikukokedwa ndi thirakitala. Inalibe galasi ngakhale limodzi. M'kati munali mutamera chisoso. Anaikweza panjerwa pakati pa bwalo, pamalo penipeni pomwe ndinkayanika zinthu zanga.

Achimwene anga a Goliati, omwe ndi eni mbumba pakhomo pano, anaizungulira n'kuseka.

"Alamu, mwachenjera. Mwaona kuti nyumba singanyamulike, ndiye mwapeza ina yamatayala."

"N'chosewera nacho chabe, alamu. Munthu wopuma pantchito asamangokhala."

"Mkamwini ndi mlamba," anatero a Goliati akuyang'ana ine. "Ukati wagwira, tere! Wapita."

Chosewera nachocho chinadya zaka. Thupi lake akuti ndi lofanana ndi mapoto, silichita dzimbiri, koma zitsulo zapansi zinali zitadyeka, ndiye Tobias wowotcherera wa pa Migowi ankabwera kudzazigamba. Injini yapetulo a Cornelius anaichotsa, akuti imamwa ngati chidakwa, n'kuikamo yadizilo ya minibasi ina yomwe inagubuduzika pamsewu wa ku Chitakale. Mipando anatenga ya minibasi yomweyo. Anaikamo malamba, magetsi okhotera, wailesi ya kaseti, ngakhale kafani kakang'ono pafupi ndi chiwongolero. Wailesiyo inayamba kuimba galimoto isanakhale n'komwe ndi matayala. Ndinawafunsa kuti kodi chimayamba n'chiyani, kuyenda kapena kuvina? Anati ine sindingamvetse. Mabeseni anga awiri anasanduka otsukira mabawuti, ndipo chitenje chilichonse chikangong'ambika pang'ono ndinkachipeza chili bii ndi girisi.

Komabe inenso ndinapezamo zanga. Nkhuku zinkaikira pansi pa mpando wakumbuyo. Padenga panali kaliyala wachitsulo, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinkayanika chinangwa chosenda kuti chikhale makaka, chifukwa mbuzi sizinkafikapo. Thandala labwino ngati limenelo sindinakhalepo nalo.

Kenako mkulu wa a Cornelius anamwalira ku Rumphi. Tinapita. Maliro atatha, abale anawakhazika pansi a Cornelius. Pakhomo patsala azimayi okhaokha, ng'ombe zilibe woziyang'anira, ntchito munapuma, mukudikira chiyani kwa eni? Ine ndinali pamkeka ndi azimayi, ndipo Chitumbuka ndimamva ndithu ngakhale sindiyankhula. A Cornelius anayankha pamaso pa onse kuti, "Galimoto yanga ikangoyenda, ndibwera nayo kudzakhala."

M'basi pobwerera ndinawauza zanga. "Ine sindipita. Munda wanga uli kwa Mkhumba, manda a mayi anga ali kwa Mkhumba. Ndi imvi izi sindingakayambe utengwa, kumafunsa anthu kotunga madzi." Anangoyang'ana pawindo. Nkhaniyo sitinaikambenso. Koma kuyambira pamenepo, ndikaona miyendo yawo itatulukira pansi pa galimoto, ndinkadziwa kuti chomwe akukonza ndi ulendo.

Ntchitoyo inkayenda mwa apo ndi apo. Anaipaka penti wobiriwira, atauma anati wawala kwambiri, anampala n'kupaka wina. Mawaya anawalumikiza, n'kuwamasula, n'kuwalumikizanso. Koma munthu wokonda kukonza sangaletse dzanja lake mpaka kalekale. Zowonongeka zinkatha chimodzichimodzi, ndipo tsiku limenelo anapotoza kiyi, iyo n'kuvomera.

Nditafika pabwalo ndinapeza utsi wakuda uli tolotolo, nkhuku zikuuluka kutulukira m'mawindo. Njerwa anali atazichotsa, matayala ali pansi. A Cornelius anali pachiwongolero ndi ovolosi yawo, mano onse ali pamtunda. A Goliati anali atafika kale, manja ali kumbuyo.

"Amake Eliness, kwerani!"

"Ndili ndi chinangwa."

"Chinangwa sichithawa. Tingofika pa Migowi n'kubwerera."

"Kwerani achemwali," anatero a Goliati. "Mulaweko isanapite kwawo."

Ndinakwera kutsogolo, Eliness ndi amalume ake kumbuyo. Anandimanga lamba ngati mbuzi yopita kumsika.

Kunena zoona, inkayenda. Msewu wathu nthawi imeneyo unali wa zigwembe zokhazokha, a minibasi ankakana kulowamo, koma iyo inkangokwera n'kutsika ngati ikuidziwa njira. Pamtsinje pomwe mlatho unakokoloka a Cornelius sanazungulire. Anakoka kachitsulo kamutu wofiira, n'kulowa m'madzi, n'kutulukira tsidya linalo. Azimayi ochapa anathawa ndi mabeseni awo akutukwana, kenako anayamba kuimba nthungululu.

Anthu m'njira ankatikuwira akuloza padenga. A Cornelius ankaliza hutala n'kumakweza dzanja ngati akufuna mavoti. Amene anayang'ana kumbuyo ndi Eliness.

"Amayi, makaka!"

Ndinacheuka. Makaka anga onse anali mbwee mumsewu, mzere woyera mpaka komwe maso amalekezera, mbuzi zikutsatira pambuyo.

"Imani!"

"Apa m'pachitunda, ndikaima ingazime."

"Ndiye tidya chiyani? Hutala?"

A Goliati anaseka mpaka kutsokomola. "Asiyeni achemwali. Akulemba njira kuti asadzasochere tsiku lodzationa."

Pa Migowi anthu anatizinga. Makondakitala anasiya kuitanira. Wogula nandolo wina anafunsa ngati ingalowe kwa Chiwalo nthawi yadzinja. Wachipani wina ankafuna kuti aipake mtundu wa chipani chake. Tobias anatuluka m'shedi yake n'kumauza aliyense kuti zitsulo zapansizo anawotcherera ndi iye, yemwe akukayika agwade aone. Titachoka pamenepo, a Cornelius anaimitsa kutsogolo kwa kanyumba koimbira foni, komwe ankaimbira mng'ono wawo wokhala kutauni akakhala ndi uthenga wopita kumudzi. Injini sanazimitse. Anangokhala akuyang'ana chitseko.

"Lowani mukawauze," ndinatero.

"Pali mzere."

Munali munthu mmodzi yekha, nayenso akutuluka.

"Ndiye tiyeni. Ndasiya chinangwa pamtetete."

Pobwerera ndinatsika kangapo kutola makaka omwe mbuzi zinasiya. Sanadzaze ngakhale mpango.

Titafika sindinafune zozengereza. Chinthu chikafika chafika. Ndinatsitsa sutikesi yawo pamwamba pa kabati, ndinaikuntha mphemvu n'kuiika pakhonde kuti ipitidwe mphepo. Malaya awo onse ndinawanyika. A Goliati anabwera ndi wilibala kudzatenga njerwa zomwe galimoto inkakhalapo, akuti zikathandiza kubafa kwawo.

"Mupita liti?" ndinafunsa tikudya. "Ndidziwiretu, ndikazinge mtedza wa kamba."

"Tiona."

"Musati tiona. Munalonjeza pamaso pa anthu."

"Chomwe ndinalonjeza ndikuchidziwa."

Eliness anayang'ana ine, n'kuyang'ana bambo ake. "Adadi akupita kuti?"

"Kwawo," ndinatero. "Idya."

Sanadye. Anasamba m'manja n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinkayanika malaya aja pachingwe. A Cornelius ankazungulira galimoto, sipanala ili m'thumba. Anagwada kumbuyo, anagogoda tayala, anadzuka, anagwadanso.

"Amake Eliness."

"Ndikumva."

"Dzulo pobwerera simunamve kanthu kumbuyoku?"

"Kanthu kanji?"

"Kaphokoso. Kolira chapansipansi. Ndikuganiza kuti ndi difu, chimphika chachitsulo chili pakati pa matayala akumbuyochi."

Ine za galimoto sindizidziwa, koma makutu ndili nawo. Paulendowo ndinamva injini, kaseti ndi kuseka kwa a Goliati. Kumbuyo kunalibe chomwe chinkalira. Ndinafinya shati yomwe inali m'manja mwanga, ndinaikung'untha n'kuiyanika. Iwo anali chigwadire, osandiyang'ana, akupukuta bawuti yoyera kale.

"Ndinamva," ndinatero. "Chakumanzere."

"Eya, chakumanzere! Ndinadziwa ine."

"Ine sindinamve kanthu," anatero Eliness ali pakhomo ndi tsache.

"Iwe unkamvera nyimbo. Pita kwa amalume ako ukawauze abweze njerwa zija."

Anatiyang'ana tonse awiri, anatsamiritsa tsache kukhoma n'kuthamanga.

"Ku Rumphi n'kutali," anatero a Cornelius akutulutsa jeke. "Munthu sungakwere Chikangawa ndi difu yolira. Ndipo ya mtundu umenewu siipezeka wamba. Mwina ku Limbe. Mwinanso mpaka kuitanitsa ku Joni."

"Ndiye mukawaimbire akwanu muwauze zimenezo. Ndipo beseni langa latsopano musalikhudze."

A Goliati anabwera akukankha wilibala, nkhope ili ndwii.

"Alamu, dzulo lomweli inawoloka mtsinje. Lero yadwala?"

"Ndi mmene amachitira makina, alamu. Funsani achemwali anuwa, anamva okha."

"Achemwali, inu mwayamba liti kudziwa za madifu?"

"Tsitsani njerwazo, achimwene. Mukufuna tiyi?"

"Mlamba wanji uwu wosaterereka," anatero akukhuthula njerwa. Tiyi anamwa, makapu awiri.

Pofika masana matayala akumbuyo anali atatsamira mtengo wa mango, galimoto ili panjerwa, miyendo ya a Cornelius itatulukira pansi, kaseti ikuimba. Akwawo adzafunsabe, ndikudziwa, ndipo difu ikadzapezeka adzafunsanso. Zimenezo tidzaziona zikadzafika. Sutikesi ndinailowetsa m'nyumba kuopa kuti nkhuku zingaikiremo, popeza malo awo akale zinali zisanawakhulupirirenso.

Chinangwa chija chinali chitayamba kuda. Ndinasankha chomwe chikanatheka pa chosendasenda cha dzulo, ndinaponda pabampala n'kuchiyala padenga. Pansi pa galimoto panamveka mawu ofunsa ngati ndaonako sipanala yaing'ono. Ndinati sindinaione, n'kubwerera kuseri kwa khitchini. Dengu linali lisanafike n'pakati pomwe. Mpeni unali utalowa pansi pa chinangwa, ndinachita kuufufuza.