Paipi ya Mabuleki ndi Ulendo wa Apongozi

Yoswa anali atalonjeza kuti apongozi ake, a Nabanda, awaperekeza yekha kuchipatala ku Mtengowanthenga pa pikapu yake. Diso lawo linali litachita ng'ala, ndipo anauzidwa kuti akaonane ndi dokotala wa maso Lachinayi. Koma Lachiwiri, akutsika kamtunda ka kumudzi kwawo kufupi ndi Malomo, Yoswa anaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Chomwe chinaimitsa galimotoyo ndi chulu cha m'mbali mwa msewu. Ng'ombe za mnzake ndi zomwe zinaikokera kunyumba.

Atasuzumira kunsi anapeza paipi yopita ku tayala lakumbuyo itadyeka ndi dzimbiri, mafuta a mabuleki akuchucha. Makaniko wa pa Malomo anali kumaliro ku Kasungu.

"Kapaipi komweka? Ndisintha ndekha," anauza mkazi wake Faines.

Lachitatu anakagula paipi ndi botolo la mafuta ku Mponela. Atabwerako anakwawira kunsi kwa galimoto. Nati yogwira paipi yakale inakana kutembenuka. Anakoka sipanala mwamphamvu, sipanala n'kuterereka, zala n'kukamenya chitsulo. Atayesanso, makona a nati anatha, inangokhala yobulungira ngati nsawawa. Anaithira palafini n'kuisiya igone.

Lachinayi m'mawa a Nabanda anafika atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Anayamba kudikira. Kudikira kwawoko n'komwe kunamuwawa Yoswa kuposa zala zotupa zija.

Nati inagonja Yoswa ataigogoda ndi tchizulo. Koma paipi yatsopano inali yowongoka, pomwe yakale inali yokhotakhota. Anayamba kuipinda pa mpini wa khasu pang'onopang'ono, thukuta likulowa m'maso. Pokhota pomaliza anafulumira, paipi n'kufinyika pakati. Anatukwana chamumtima, poti apongozi anali pafupi. Mwamwayi wogulitsa wa ku Mponela anali atamukakamiza kutenga ziwiri. Yachiwiriyo inalowa dzuwa litakwera kale.

Chomwe chinatsala ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi, ntchito yofuna anthu awiri, choncho anaitana Faines.

"Mayi a Chiko, lowani mukhale pampando. Ndikati pondani, muziponda. Ndikati gwirani, musachotse phazi."

Faines anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Anaponda, Yoswa n'kumasula kanati ka kuseri kwa tayala. Sipanatuluke kanthu. Anabwereza mpaka mawu anasasa.

"Kodi mukupondadi?"

"Mwendo wachita kutopa, bambo a Chiko!"

Yoswa anatuluka kunsi kuja, fumbi thupi lonse, nasuzumira pazenera. Phazi la Faines linali pa kilatchi.

"Chapakati! Ndinati chapakati!"

"Simunanene. Zitsulo zitatu zofanana, ine ndilote?"

Anakumbukira kuti sananenedi, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo. Anabwerera kunsi.

Apa mafuta anayamba kutuluka ndi thovu. Koma ali pa tayala lachitatu anaiwala kuwonjezera mafuta m'kabotolo ka ku injini. Kanauma, mpweya n'kulowanso, ntchito yonse n'kuyambira poyamba.

Ali chigonere choncho anamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Anali Enoki, mlamu wake. Yoswa anaona mapazi a apongozi akudutsa pafupi ndi tayala, kenako anaima.

"Pitirizani ntchito, bambo. Mwayesetsa, taona ndi diso limodzi lomweli," anatero a Nabanda.

Anakwera njinga ya Enoki kuti apite kuchipatala. Faines anatsika m'galimoto kukawatsazika, ndipo Yoswa anakhala kunsiko akuyang'ana matope ouma a pa chitsulo, manyazi atamugwira.

Buleki inalimba dzuwa litapendeka. Anaiyesa pabwalo, galimoto n'kuima nji! Sanasangalale. Anasamba m'manja ndi phulusa, nauza Faines kuti aimbire Enoki, amuuze kuti asawakwezenso amayi panjinga ndi diso lodwalalo. Amudikire kuchipatala komweko, iye akubwera.